Bondo latsopano likamalanda tulo

Munthu amene wachitidwa opaleshoni yomuika bondo lochita kupanga amatuluka m'chipatala atalangizidwa mokwanira za masana. Amamuphunzitsa kagwiridwe ka ndodo, kakweredwe ka masitepe, kapindidwe ndi kawongoledwe ka mwendo, n'kumuuza tsiku lodzachotsetsa ulusi. Za usiku sizitchulidwa kawirikawiri. Koma mukafunsa amene anadutsamo, kapena mwana amene ankagona pansi m'chipinda cha amayi ake masabata amenewo, adzakuuzani kuti chinawafoola kwambiri si mafizo ayi, koma maola a pakati pa usiku mpaka tambala woyamba.

Madandaulo awo amafanana. Masana bondo limalola, munthu amayenda mpaka pakhonde, amacheza ndi odzazonda, amaseka. Kukada, m'nyumba mukangoti zii, limayamba. Ena amati likuchita kulasa, ena amati likutentha mkati, ena amangoti mwendo wonse ukusowa pouika. Amagona ola limodzi kapena awiri n'kudzidzimuka, ndipo kuchokera apo ndi maso gwa mpaka kucha. M'maola amenewo ndi mmene mumabwera maganizo oipa: kuti opaleshoni yalakwika, kuti ndalama za ana zalowa m'madzi, kuti bola nyamakazi ija.

Nthawi zambiri palibe chimene chalakwika. Kusowa tulo m'masabata 4 mpaka 6 oyambirira n'kofala moti madokotala a mafupa sadabwa nako, ndipo kwa anthu ambiri tulo timabwerera m'chimake miyezi itatu ikamakwana. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti wodwalayo sauzidwa zimenezi asanapite kunyumba. Ululu umamupeza ali yekha mumdima, osadziwa ngati ndi mmene zimakhalira kapena ndi chizindikiro cha ngozi, ndipo mantha amenewo amakulitsa ululuwo.

Tiyambe ndi zimene zimachitika kufiyeta, chifukwa ambiri amaganiza kuti bondo lonse limachotsedwa n'kuikapo lina. Si choncho. Dokotala amang'amba kutsogolo kwa bondo, masentimita 15 mpaka 20, n'kukankhira pambali kafupa ka pamwamba paja. Kenako amacheka nsonga ya fupa la ntchafu ndi ya fupa la msongolo, pamene chicherewecherewe chinaperepeseka ndi nyamakazi, n'kuvekapo zitsulo zomatidwa ndi simenti yapadera. Pakati pa zitsulozo amaikapo pulasitiki wolimba woterera. Ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, koma kwa thupi kumeneku ndi kuvulala kwakukulu: fupa lachekedwa, minofu yakokedwa, timitsempha ta pakhungu tadulidwa.

Luso limeneli linachokera kutali. Mu 1890 ku Berlin, dokotala Themistocles Gluck anaika anthu mawondo osema kuchokera ku minyanga ya njovu, koma tizilombo tinalowa ndipo ntchitoyo inalephereka. Mu 1968 Frank Gunston wa ku Canada anapanga bondo lachitsulo ndi pulasitiki lotsanzira kayendedwe ka bondo lenileni, ndipo mu 1974 John Insall ndi anzake ku New York anatulutsa mtundu umene mawondo ambiri a lero anatengerako. Kafukufuku wa akatswiri a ku Bristol amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti mawondo 82 mwa 100 alionse amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25. Kuno kwathu opaleshoniyi si yachilendonso. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chinatsegulidwa mu 2002, ndipo mu 2005 madokotala anayambitsa kaundula wa dziko lonse wolembamo anthu oikidwa mawondo ndi ziuno zochita kupanga. Mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, pa Kamuzu Central. Ena, amene angakwanitse, amakachititsa ku India kapena ku South Africa.

Ndiye chifukwa chiyani usiku? Choyamba ndi kutupa. Tsiku lonse mwendo umakhala cholendewera, ndipo madzi ndi magazi zimasonkhana m'bondo lovulalalo. Pofika madzulo limakhala litafufuma, khungu litakokeka. Apa mwambo wathu wabwino wozonda odwala umatha kupweteka amene tikumukondayo. Agogo amakhazikidwa pampando pabalaza kuyambira m'mawa, akulandira a kumpingo, a kumudzi, anzawo a kuntchito, phazi lili pansi maola 6 kapena 7, chifukwa kukweza mwendo pamaso pa alendo kumaoneka ngati mwano. Alendo amapita atasangalala kuti wodwala akupeza bwino. Usiku umenewo m'nyumbamo simugonedwa.

Chachiwiri chili m'thupi momwemo. Thupi limapanga lokha mankhwala otchedwa cortisol amene amachepetsa kutupa. Amachuluka m'mawa, n'kumatsika tsiku likamapita, ndipo pakati pa usiku amakhala atachepa kwambiri. Mu 2022 akatswiri a ku Lyon, ku France, anasindikiza m'magazini ya Brain zimene anapeza atayesa amuna 12 athanzi amene anakhala maso maola 34 m'chipinda chosasintha kuwala. Ankawatenthetsa pakhungu mofanana nthawi zosiyanasiyana. Kutentha komweko kunkawapweteka kwambiri cha m'ma 3 ndi 4 koloko m'bandakucha, ndipo kunkawapweteka pang'ono masana. Choncho amayi anu akamati usiku likuwawa kuposa masana, sakukokomeza, ndipo si maganizo chabe.

Palinso nkhani ya ubongo. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti uthenga wa ululu sufika wonse kuubongo. Umatha kutsekerezedwa ndi mauthenga ena, monga kukhudzidwa pakhungu kapena kutanganidwa ndi zina. Masana wailesi ikulira, zidzukulu zikusewera, mwendo ukusuntha. Usiku zonsezo zimachoka, n'kutsala bondo lokha. Ndipo kusagona pakokha kumakulitsa ululu. Akatswiri a ku Berkeley, ku America, anasonyeza mu 2019 kuti usiku umodzi wokha wosagona umachititsa munthu kumva kuwawa pa kutentha kumene dzulo lake sikunkamupweteka. Ululu umalanda tulo, kusowa tulo n'kuwonjezera ululu, mawa lake chimodzimodzi.

Chifukwa chomaliza ndi chimene tingachikonze msanga, ndipo ndi pamene tiyenera kukhalitsapo. Mankhwala amatha mphamvu. Wodwala akamwa mapiritsi omaliza pa chakudya cha 6 koloko madzulo, pofika 12 koloko usiku amakhala atasuluka m'thupi, pamene nthawi yomwe thupi limamva ululu kwambiri ikuyandikira. Chofunika ndi kukambirana ndi dokotala kapena namwino kuti ndandanda ya mankhwala ikonzedwe mwakuti kumwa kwina kugwere mphindi 30 kapena ola limodzi munthu asanagone. M'masabata awiri oyamba mankhwala amwedwe pa nthawi yake, ululu ulipo kapena palibe, chifukwa ukafika pachimake mapiritsi omwewo amatenga nthawi kuti augonjetse.

Koma akuluakulu athu ambiri sachita zimenezo. Anakula akuphunzitsidwa kupirira, ndipo bambo wa zaka 70 amene sanalirepo pamaso pa ana ake sadzutsa mpongozi 2 koloko usiku kuti amupatse madzi omwera mankhwala. Amaluma mano mpaka kucha, m'mawa akafunsidwa n'kuyankha kuti, "Tadzuka bwino." Ena amasiya dala mankhwala poopa kuti thupi lizolowera. Kupirira kumeneku kuli ndi mtengo wake. Munthu amene sanagone sachita mafizo mawa lake, bondo losapindidwa limauma, ndipo likauma kwambiri pamafunika kumugonekanso kufiyeta kuti dokotala alipinde mokakamiza, zimene nthawi zambiri zimachitika miyezi itatu isanathe. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene angadziwe za usiku wa wodwala ngati iye mwini sanena, ndipo wosamalira aphunzire kufunsa funso lolunjika: "Mwagona maola angati? Munadzuka nthawi yanji?"

Izi sizikutanthauza kuti munthu azingomwa chilichonse. Panado ndi maziko abwino, koma malire ake kwa munthu wamkulu ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24, ndipo malirewo amatsika kwa munthu wochepa thupi, wodwala chiwindi kapena womwa mowa kwambiri. Mankhwala ambiri a chimfine a m'golosale alinso ndi paracetamol mkati, choncho amawerengedwa pamodzi. Brufen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa kutupa, koma amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa okalamba. Wodwala amakhalanso akumwa kapena kubayidwa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo kuphatikiza mankhwalawa popanda chilolezo cha dokotala kungachititse kutaya magazi. Amene ali pa ma ARV anene poyera, chifukwa amene anthu ambiri amamwa kuno ali ndi tenofovir, amene nayenso amalemetsa impso. Tramadol, codeine ndi morphine ndi amphamvu ndipo ali ndi malo ake m'masabata oyamba, koma amaumitsa m'mimba, amachititsa chizungulire, ndipo sayenera kukumana ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa monga Valium. Kusakaniza kumeneko kumatha kuchedwetsa kupuma munthu ali mtulo. Ngakhale Piriton, amene ena amamwa kuti agone, amasokoneza mutu wa okalamba ndi kuwagwetsa.

Tsopano za pilo. Bondo lopweteka limamva bwino likapindika pang'ono, ndiye wosamalira wachifundo amalowetsa pilo kunsi kwake, wodwala n'kupuma. Chifundo chimenechi chimapha ntchito ya dokotala. Bondo likamagona chopindika usiku uliwonse limauma momwemo, ndipo kuliwongolanso n'kovuta kuposa kuliphunzitsa kupinda. Munthu amatsala akutsimphina ndi bondo latsopano. Pilo aikidwe chamlitali kunsi kwa katumba ndi chidendene, bondo likhale lowongoka. Amene sangagone chagada, dokotala akalola, agonere mbali ya mwendo wabwino, pilo ali pakati pa mawondo. Pochepetsa kutupa, masana ndi madzulo munthu agone pansi mphindi 20 kapena 30 mwendo wonse utakwezedwa pamwamba kuposa mtima. Kuusanjika pa kampando munthu atakhala tsonga sikukwanira.

Kuzizira kumathandiza kwambiri. Ayezi wokulungidwa m'jumbo ndi m'chitenje aikidwe pabondo mphindi 15 mpaka 20 munthu asanagone, ndipo angabwerezedwe akadzuka usiku. Asakhudze khungu mwachindunji, ndipo munthu asagone nayo tulo. Chifukwa chake n'chakuti kunja kwa chipsera khungu limachita dzanzi, popeza kamtsempha kodutsa pamenepo kamadulidwa pa opaleshoni, ndiye likhoza kupsa ndi kuzizira mwini wake osamva. Kamtsempha komweko ndi kamene kamabweretsa kulasa kwadzidzidzi kumene ena amakuyerekeza ndi kugwidwa ndi magetsi; kumachepa pakapita miyezi. Amene ali ndi firiji asunge mabotolo apulasitiki angapo a madzi oundana, kuti magetsi akazima pakhale podalira. Amene alibe angagule ayezi kwa ogulitsa nsomba kapena zoziziritsa kukhosi n'kumusunga m'bokosi lotsekeka bwino. Ngakhale nsalu yoviikidwa m'madzi a mumtsuko imathandizako, bola bala lisanyowe ulusi usanachotsedwe.

Pali zinthu zitatu zimene timachita mwachikondi zoyenera kuletsedwa pa bondo limeneli. Kuthowa ndi madzi otentha kumawonjezera kutupa m'masabata oyamba, ndipo khungu ladzanzi lija limatha kuwauka. Kusina katumba mwamphamvu n'koopsa, chifukwa ngati muli magazi oundana akhoza kusuntha n'kupita kumapapo. Koma choopsa koposa ndi kutema mphini. Tizilombo tikafika pachitsulo timamatirira n'kudzikuta ndi kachikopa kamene mankhwala akumwa salowamo bwino. Chimene chinagonjetsa Gluck mu 1890 chikadali mdani wamkulu wa opaleshoniyi mpaka lero. Kuchiza kwake nthawi zina kumafuna kuchotsa zitsulo zonse, kulandira mankhwala masabata ambiri, n'kudzachitidwanso opaleshoni ina. Lumo lisayandikire bondo limenelo, ngakhale patapita zaka.

Malangizo ambiri a opaleshoniyi analembedwera nyumba za bedi lalitali ndi chimbudzi chokhalira cha m'nyumba. Nyumba zathu zambiri si zotero, ndipo ngozi zake zimachitika usiku. Kudzuka pamkeka kapena pamatiresi apansi kumafuna kupinda bondo kwambiri ndi kuligwadira, zimene munthu sangathe m'masabata oyamba. Bedi libwerekedwe opaleshoni isanachitike, lotalika mwakuti munthu akakhala m'mphepete mapazi afike pansi. Chimbudzi chokumba ndi nkhani ina. M'masabata oyamba cholinga chimakhala kupinda bondo madigiri 90, ndipo mawondo ambiri ochita kupanga amathera pa 110 mpaka 120, pamene kunjuta kumafuna kuposa apo. Kalipentala angaboole mpando wolimba wamanja woti uziikidwa pamwamba pa dzenje masana, ndipo usiku mpando womwewo ulowe kuchipinda, pansi pake pali ndowa yachivundikiro. Palibe chamanyazi pamenepa. Munthu wa ndodo ziwiri, womwa tramadol, kutuluka panja mumdima pa nthaka yonyowa ndi njira yothyolera fupa pafupi ndi chitsulo.

Neti isachotsedwe, koma ikhale yosavuta kutsegula mbali yotulukira. Tochi ndi ndodo zikhale pofikira dzanja, timikeka ta pansi tichotsedwe, ndipo asanaimirire munthu akhale kaye m'mphepete mwa bedi kamphindi kuti chizungulire chithe.

Nanga tulo tikatha 3 koloko? Kulimbana nato uku ukuyang'ana kudenga sikuthandiza. Bondo limauma likakhala malo amodzi, choncho kusuntha pang'ono kumalimasula: kukweza ndi kutsitsa phazi pa akakolo maulendo 20, kulimbitsa mnofu wa ntchafu n'kuumasula, kuyenda masitepe ochepa m'chipinda wina atagwirira. Kusisita ntchafu mofatsa, kutali ndi bala, kumatsekereza uthenga wa ululu monga anafotokozera Melzack ndi Wall. Wailesi yotsitsidwa mawu, nyimbo, pemphero, kupuma mozama pang'onopang'ono, zonsezi zimapatsa ubongo china chogwira. Ndipo zambiri za usiku zimakonzedwa dzuwa lili pamutu. Mafizo olemera achitike m'mawa ndi masana, osati pogona. Ngati usiku wina wavuta kuposa masiku onse, kawirikawiri ndiye kuti masana ake munthu anayenda kapena kuima mopitirira. Achepetse, koma asasiyiretu. Tiyi wamasamba, khofi ndi Coca-Cola zilekedwe dzuwa likapendeka, ndipo tulo ta masana tisapitirire ola.

Wosamalira nayenso ndi munthu. M'mabanja ambiri ntchitoyi imagwera mwana wamkazi mmodzi, amene masana akuphika ndi kuchapa, usiku akudzuka katatu. Pakatha sabata amayamba kuiwala kuti mankhwala anaperekedwa nthawi yanji, ndipo apa ndi pamene wodwala amamwetsedwa kawiri kapena kudumphitsidwa. Abale asinthane mausiku. Pakhalenso kope pafupi ndi bedi lolembamo dzina la mankhwala, nthawi imene amwedwa ndi maola amene wodwala wagona.

Komabe si ululu wonse wa usiku umene uyenera kudikira kucha. Bondo latsopano limakhala lofunda ndi lotupa kwa miyezi ingapo, ndipo zimenezo zokha si vuto. Koma katumba akatupa, kulimba ndi kuwawa mwatsopano, angakhale magazi oundana. Munthu akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa kapena kukhosomola magazi, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi 2 koloko usiku. Chimodzimodzinso bala likamatuluka madzi kapena mafinya, likamafiira mofalikira, ululu ukamakula tsiku ndi tsiku m'malo mochepa, phazi likazizira ndi kusintha mtundu, kapena mwendo ukakana mwadzidzidzi kunyamula thupi. Kutentha thupi kumatisokoneza kwambiri kuno, chifukwa aliyense amathamangira kunena kuti ndi malungo. Akhoza kukhala malungo ndithu, ndipo magazi ayezedwe. Koma woyezayo auzidwe kuti m'bondomo muli chitsulo, alione bondolo, ndipo mankhwala opha tizilombo asayambidwe mwachisawawa dokotala wa mafupa asanadziwe, chifukwa amabisa kachilombo kamene kakanapezeka poyeza madzi a m'bondo.

Amene amakachititsa kunja ali ndi chiopsezo chawochawo. Ulendo wochokera ku India umadutsa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, maola ambiri mwendo uli chopindika pampando wa ndege, ndipo zimenezi zimawonjezera kutupa ndi mpata wa magazi kuundana. Akafika, dokotala amene anawachita opaleshoni amakhala kutsidya la nyanja, wopezeka pa WhatsApp pokha, ndipo chithunzi cha pafoni sichingamuuze ngati katumba walimba. Asananyamuke apeze dokotala wa mafupa ndi wa mafizo kuno amene adzawalandire, ndipo pobwera atenge lipoti lolembedwa, zithunzi za ekisileyi ndi dzina la mtundu wa bondo limene aikidwa. A mafizo alipo tsopano kuposa kale: sukulu ya College of Medicine, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuwaphunzitsa mu 2010, ndipo ku Blantyre kuli malo a Kachere amene ntchito yawo ndi yomweyi.

Kwa ambiri masabata awiri oyamba ndiwo ovuta koposa. Pofika sabata ya 6 maola ogona amayamba kutalika, ndipo kuchira kwathunthu kumatenga mpaka chaka. Koma pali gulu limene siliyenera kuiwalidwa. Kafukufuku wosonkhanitsa zotsatira za m'maiko angapo, amene anatuluka mu 2012, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amamvabe ululu wosautsa miyezi yambiri opaleshoni itachitika. Anthu amenewa kawirikawiri amangouzidwa kuti adikire. Akatswiri a ku Bristol anayesa njira ina, yotchedwa STAR: amene akumvabe ululu pa miyezi itatu amaitanidwa, kuunikidwa mofatsa, n'kutumizidwa kwa woyenera malinga ndi chimene chapezeka. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2022, zinasonyeza kuti patatha chaka anthuwa ankamva ululu wochepa kuposa amene anangosiyidwa pa chisamaliro cha masiku onse.

Choncho miyezi itatu ikakwana bondo likulandabe tulo, munthu abwerere kwa dokotala wa mafupa ndipo asavomere kungouzidwa kuti zitha zokha. Pali zoyenera kufufuzidwa: magazi ndi madzi a m'bondo ngati muli tizilombo, ekisileyi ngati chitsulo chakhala bwino, chiuno ndi msana chifukwa ululu wa kumeneko umatha kumvekera m'bondo, ndiponso mitsempha, imene ululu wake wotentha ndi wolasa sumva Panado koma uli ndi mankhwala akeake monga amitriptyline. Dokotala afunsenso za nkhawa ndi kukhumudwa, pakuti nazonso zimakulitsa ululu ndipo zimachizika. Pa ulendo umenewo kope lija lipite nawo, pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene wodwala wakhala akumwa, a kuchipatala, a m'golosale ndi azitsamba omwe.